Mbande 10,001 ndi Basi ya Mawa

Mwana wanga Lusiya,

Kalata iyi ndapatsira a Nampinga ogulitsa nsomba zouma aja, chifukwa njinga yawo ifika ku Milonde dzuwa lisanalowe. Ndikulemba ndili m'shedi ya kunazale, Lamulungu masana, antchito onse ali kwawo, moti palibe wondisokoneza kupatula nkhuku za alonda. Uiwerenge yonse, usalumphe mizere monga umachitira ndi makalata a kumpingo. Ndi yaitali, ndikudziwa. Bambo ako anayamba ntchito ngati kalaliki, sadziwa kulemba zochepa.

Amayi ako andiuza zonse. Akuti wanena kuti supitanso kukoleji ku Zomba mawa, ndipo n'chifukwa chake wathawira kwa mkulu wako Esinati ku Milonde ngati wokatsanzika. Akuti unamva zimene amalume ako a Muhowa analankhula, zoti ukangokwera basi m'malo mokwatiwa ndi mwini chigayo uja, ine mkamwini nditenge khasu langa ndichoke pamudzi pawo. Ndiye iwe waganiza zogula malo anga pamudzipo ndi sukulu yako. Mtima wako ndi wabwino, koma masamu ako apa walakwa, ndipo ndikuonetsa pomwe walakwira. Basi ya mawa ukwera, Lusiya. Sindikukayika ngakhale pang'ono.

Ndikanabwera ndekha kudzalankhula nawe, koma ukudziwa mmene zilili. Chitherere msinkhu iwe, sitikhalanso pamphasa imodzi, ndipo ine ndikayamba kulankhula nkhani yondikhudza ndimakalipa ngati ndili kumunda ndi antchito. Papepala ndimadekha. Komanso pali zinthu zimene sindikanatha kuzinena ndikukuyang'ana kumaso. Zonsezo zamangirira pa nambala imodzi imene ukuidziwa bwino, 10,001. Ukuganiza kuti nkhani yake ukuidziwa, koma ukudziwa theka lokha, theka limene limandikometsa ine.

Iwe usanayambe n'komwe sukulu, kampani inatsegula munda watsopano wa tiyi kutsetse kuja, kumtunda kwa dambo. Woyang'anira minda nthawi imeneyo anali mzungu wina wamtali amene tinamupatsa dzina loti Bwana Chingwe, chifukwa sankayenda wopanda chingwe chake choyezera mizere. Mzere ukakhota pang'ono ankazulitsa wonse. Ine ndinali kalaliki wa kunazale kuno. Mbande za m'machubu tinaziwerenga katatu, ndipo katatu konse zinakwana 10,001. Nditamuonetsa buku, Bwana Chingwe anaseka, nati m'Chichewa chake chopindika chija: "Kalaliki, ine funa mizere yofanana. Mbande zonse lowa, palibe tsala. Mzere umodzi wautali ine safuna. Iwe peza, iwe kapitawo wamkulu wa munda watsopano." Anthu onse anamva. Ine ndinayankha kuti mawa lomwe adzalipeza yankho pa tebulo pake, poti masamu ndinkawadziwa kuposa aliyense pa esiteti yonse, ndipo zimenezo ndinkauza aliyense wofuna kumva ndi wosafuna yemwe.

Kulakwa kwanga koyamba kunali apa. Ndinakhala pansi ndi pensulo. Pawiri sinkagawika, poti imathera ndi 1. Patatu inakana, chifukwa ukaphatikiza manambala ake umapeza 2 yekha. Pasanu n'zosafunsa. Ndinayesa 7, zinatsala zisanu. Ndinayesa 11, zinatsala ziwiri. Ndinayesa 13, zinatsala zinayi. Ndinayenda nayo choncho, nambala ndi nambala, osalumpha ngakhale imodzi, thukuta lili kamukamu, mpaka ndinafika pa 50. Pamenepo pensulo inali itafupika, msana ukuwawa, ndipo ndinadziuza kuti nambala imene yakana anzake makumi asanu singalole wina aliyense. M'mawa mwake, pamalo poitanira maina, pamaso pa anthu othyola tiyi onse, ndinaimirira n'kunena mokweza kuti, "Bwana, nambala iyi ndi yaliuma, sigawika. Mwatipatsa ntchito yosatheka." Iye anandifunsa kuti, "Iwe yesa zonse?" Ine ndinati, "Zonse, bwana." Anangondiyang'ana n'kugwedeza mutu. Akuluakulu amati ndadziwa kale anamanga nyumba yopanda khomo, ndipo tsiku limenelo mmisiri wake ndinali ine.

Tsono imva, Lusiya. Kukoleji ukakumana ndi mafunso amene akakane sabata yonse. Usakanene kuti sizitheka pomwe zoona zake n'zoti watopa. Awa ndi mawu awiri osiyana, ndipo munthu wophunzira ayenera kudziwa amene akutuluka pakamwa pake. Ukatopa ukanene kuti ndatopa, ukagone, ukayambirenso. Ndikunena izi chifukwa ngakhale lero lino wachita zomwezo. Wayang'ana nkhani ya amalume ako, wayesa njira ziwiri zitatu m'mutu mwako, n'kulengeza kwa amayi ako kuti sizitheka. Sunayese zonse, mwana wanga.

Kulakwa kwanga kwachiwiri kunali kwa manyazi kuposa koyamba. Nditaona kuti ukapitawo ukundidutsa, ndinayang'ananso nambala ija n'kuona kuti vuto lonse ndi kambande kamodzi. Chotsa kamodzi, zitsala 10,000, mizere 100 ya mbande 100, munda wa mbali zinayi zofanana wokongola ngati mpango. Ndiye masana ena antchito atapita kukadya, ndinatenga chubu chimodzi n'kukachibisa kuseri kwa thanki ya madzi, kenako ndinafufuta 1 wa kumapeto m'buku langa n'kulembapo 0. Ndinapita kwa bwana n'kumuuza kuti tinawerenga molakwa. Iye anatulutsa kabuku kake m'thumba, momwe anali atakoperamo nambala ija tsiku loyamba lomwe, kenako anayang'anitsitsa pepala langa pomwe panali pataperepeseka ndi labala. Sanakalipe. Anangoti ndikatenge mbandeyo komwe ndaiika, ndiisenze pamutu, ndizungulire nazale yonse. Amayi othira dothi m'machubu anaomba m'manja n'kundiyambira nyimbo. Dzina loti a Kamodzi limene nkhalamba za kuno zimandiitanira, limene ndinakuuza kuti ndi chifukwa choti ndinabadwa ndekha mwamuna, linachokera pamenepo.

Usakabise chotsala, Lusiya. Samu ikakana kutha bwino, ukalembe chotsalacho poyera, aliyense achione. Munthu amene amafufuta kanthu kamodzi kuti zinthu zioneke zosalala amadzasenza kanthu komweko pamutu anthu akuimba. Ndiponso ukakalakwa, ukadziulule wekha msanga usanaululidwe. Manyazi odzitengera wekha amapepuka kuposa okusenzetsa ena.

Bwana Chingwe anandipatsa sabata imodzi yomaliza. Ndinkabwera kunyumba ndikung'ung'udza, osadya bwino, ndikulemba manambala pa chikwama cha fodya. Mkulu wako Esinati anali mu Sitandade 6 nthawi imeneyo. Anandifunsa chimene chikundivuta, ndipo ndinamuthamangitsa kuti izi si za ana. Koma nambala anali ataimva. Masiku atatu otsatira, akaweruka kusukulu, akatha kutunga madzi ndi kusesa, ankakhala kuseri kwa khitchini ndi kamtengo akulemba pansi. Nkhuku zinkamufufutira, iye n'kuyambiranso. Amayi ako ankamukalipira kuti akusewera ndi dothi ngati khanda.

Tsiku lachitatu madzulo ndikuchokera kuntchito, anabwera n'kugwada chapatali. Anati, "Ababa, dzalani mizere 73. Mzere uliwonse muikemo mbande 137." Ndinamuseka. Ndinamuuza kuti ine ndayesa manambala makumi asanu, iye angathe bwanji pa masiku atatu. Anati, "Inu mumavutika ndi manambala osafunika, ababa. Ngati 2 wakana, 4 ndi 6 ndi 8 sangalole, ndi ana ake. Ngati 3 wakana, 9 ndi 15 musawafunse n'komwe. Ine ndimafunsa okhawo amene sagawika ndi china chilichonse." Ndinamufunsa kuti akanalekera pati ikanapitiriza kukana. Anayankha mosachedwa, ngati ndamufunsa dzina lake: "Pa 100. Chifukwa 100 kuchulukitsa ndi 100 yafika kale pa 10,000. Ngati mizere ipitirira 100, ndiye kuti mbande za mumzere zichepera 100, ndipo nambala imeneyo ndikanakhala nditaipeza kale." Mwana wa Sitandade 6, palibe anamuphunzitsa zimenezo. Ndinatenga pensulo. 73 kuchulukitsa ndi 100 ndi 7,300. 73 kuchulukitsa ndi 37 ndi 2,701. Kuphatikiza, 10,001, osatsala kanthu. Ndinabwereza katatu.

Kulakwa kwanga kwachitatu sindinauzepo munthu, ngakhale abusa, kufikira dzulo. M'mawa mwake ndinapita ndi yankho kwa Bwana Chingwe. Anawerengera m'kabuku kake, nkhope yake inawala, kenako anandifunsa kuti, "Iwe peza wekha?" Ndinati, "Ndekha, bwana." Mawu awiri basi. Ndinakhala kapitawo wamkulu, tinakhoma zikhomo, tinakoka chingwe, tinadzala mizere 73 ija, ndipo mpaka lero ili pompo, yobiriwira, aliyense akuti ndi munda wa a Kamodzi. Esinati ndinamugulira mpango pa msika wa Chinakanaka, ndipo anathokoza atagwada. Bwana uja anali munthu wokonda ana anzeru. Ana awiri a antchito ena anawalembera makalata opita kwa ansembe a kumishoni kuti apitirize sukulu. Ndikanangoti ndi mwana wanga wamkazi, sindikudziwa chikanachitika n'chiyani, ndipo kusadziwa kumeneko kwandidya zaka zonsezi.

Ndiye ukakafika kumeneko, wokuthandiza ukamutchule dzina, ngakhale akhale wosesa m'kalasi. Ndiponso ntchito ya mutu wako isakatuluke ndi dzina la wina. Ndamva kuti m'kalasi ya masamu atsikana amakhala owerengeka pa zala za dzanja limodzi. Akabwera anyamata omwetulira, kukubwereka kope, mawa lake n'kukaima kutsogolo ndi yankho lako. Usakagwade n'kuthokoza mpango. Ukaimirire, ukanene mwaulemu koma momveka kuti imeneyo ndapeza ndine. Ngati bambo wobereka anatha kuba nzeru za mwana wake, mlendo sangachite manyazi.

Chachinayi ndicho chachikulu, ndipo ndicho chandilembetsa kalatayi. Chaka chotsatira Esinati anatha msinkhu, anavinidwa, ndipo amalume ako anati sukulu yakwana, kwapezeka mwamuna wa ku Milonde. Anaitanitsa abale pansi pa mtengo wa mango uja. Ine ndinakhala kumapeto kwa mphasa, malo a mkamwini. Kwathu kuno ana ndi a kuchikazi, mwini mbumba ndi malume, ndipo bambo amangoyang'anira. Atatha kulankhula onse, amalume ako anatembenukira kwa ine mwamwambo n'kunena kuti, "Alamu, kapena muli ndi mawu?" Ine ndekha pa bwalo lonselo ndi amene ndinkadziwa chimene chinali m'mutu mwa mwana uja. Ine ndekha. Koma kuti ndinene, ndikanayenera kuulula za mizere 73, ndiponso ndinakumbukira zoti mkamwini asamakule mwendo. Ndinati, "Ndilibe mawu, eni ake ndinu." Esinati anali atakhala pafupi ndi amayi ako. Anadzutsa mutu n'kundiyang'ana kamodzi kokha, kenako anaweramanso. Chiyambire tsiku limenelo sanatchulepo nkhaniyi, ndipo amandilandira ndi ulemu wonse ndikapita kwawo. Ndikanakonda akanandituka.

Usamve molakwa, mwamuna wake si woipa, ndipo ana ake anayi ndimawakonda. Koma uli naye pompo, muyang'ane. Muone mmene amangoponya diso pa mulu wa nandolo n'kunena kuti akwana matumba angati, osaphonya. Mutu uja sunafe, wangosowa kopita. Kalata iyi ukatha kuwerenga umupatse awerengenso, makamaka ndime za iye. Ndalephera kumuuza pamaso kwa zaka zonsezi, ndipo ndikudziwa kuti kutuma pepala ndi mantha, koma n'chiyambi. Ndidzapita ndekha kukamaliza.

Tsono ndikuuze chifukwa chake sindikukayika za iwe. Ukukumbukira tchuthi chija uli Fomu 3, pamene unandiperekeza kumunda uja n'kundifunsa kuti muli mitengo ingati? Nditakuuza, unakhala pa chitsa masana onse ukutafuna pensulo. Madzulo unandiwerengera mbiri ya nambala ija ngati ankhoswe akufotokoza mtundu wa mkwati. Unati ukaiwerenga kuchokera kutsogolo kapena kumbuyo imakhala yomweyo. Unati 73 ndi 137 onse awiri ndi aliuma, aja inu a sukulu mumawatcha mapulaimu, moti 10,001 ndi mwana wa makolo awiri okha, alibe achibale ena. Unati manambala oigawa ndi anayi basi, 1, 73, 137 ndi iyo mwini, ndipo ukaphatikiza atatu oyambawo umapeza 211 yekha, kutali kwambiri ndi 10,001, n'chifukwa chake ili m'gulu la manambala operewera. Ndinaseka kuti nambala yaikulu chonchi n'kukhala yoperewera, koma unandionetsa kuti 12 wamng'onoyo ndi wosefukira, poti omugawa ake, 1, 2, 3, 4 ndi 6, akaphatikizana amamuposa.

Kenako unanena chimene chinandimaliza. Unati, "Ababa, mukanatha kudzalanso minda iwiri ya mbali zinayi zofanana. Wina mizere 76 ya mbande 76, wina mizere 65 ya mbande 65." Ndinawerengera pa chikwama cha fodya. Woyamba 5,776, wachiwiri 4,225. Kuphatikiza, 10,001. Zaka zonse zija ndinkadutsa m'munda umenewo tsiku ndi tsiku, osadziwa kuti nambala yomweyo inali ndi khomo lina. Ndinakuuza kuti ndikukaona mbuzi, koma ndinapita kuseri kwa nyumba kukavina ndekha ngati wamisala. Tsiku lomwelo unandiyamikira kuti ndine katswiri popeza ndinapeza 73 wopanda sekondale, ndipo ine ndinavomera. Kumeneko kunali kuba kachiwiri. Tsopano wadziwa katswiri weniweni, ndipo akukuphikira lero.

Mulungu sapatsa nyumba imodzi mitu iwiri yotere kuti yonse ithere pa chigayo. Woyamba ndinautaya ine ndi pakamwa panga potseka. Wachiwiri sindiutaya, ndipo iwe sindikulola kuti uutaye m'dzina langa.

Pali tina ting'onoting'ono toti ndikukumbutse, poti amayi ako akakuuza umati akulongolola. Khadi la chipani lisakachoke m'chikwama chako, ndaliika m'kathumba ka mkati mwa sutikesi, ulitulutse tikangokupatsa sutikesiyo. Madiresi ako onse amayi ako awatsitsa mpendero kuti apitirire maondo, usakawakweze ukaona za m'tauni. Ukadye. Ndikukudziwa, ukagwira samu umaiwala kuti uli ndi mimba, ndipo ku Zomba kulibe wokuitana katatu. Kumazizira ngati kuno nthawi ya chiperoni, juzi ija usakabwereketse. Ukalembera amayi ako uzikalemba zilembo zikuluzikulu, ndipo uziyamba ndi kufunsa za nkhuku zawo usanayambe za mayeso.

Za pakamwa ndikuuze ndi nkhani, poti nayonso ndinapsa nayo. Tsiku lina kunali msonkhano pa bwalo la sukulu, ndipo wapampando wina wa chipani analengeza kuti pasonkhana anthu zikwi zisanu. Ine ndi chizolowezi changa ndinali nditawerenga kale mizere ya anthu okhala pansi, ndiye ndinauza mnzanga wapambali, osati monong'ona kwenikweni, kuti mwina enawo abisala m'tiyi. Anthu awiri atatu anaseka. M'mawa mwake ndinaitanidwa kukafotokoza chimene chinali choseketsa, ndipo ndinakhala padzuwa tsiku lonse ndisanaloledwe kupita. Ndinachita mwayi, ena sabwerako msanga. Kukoleji n'kumene makutu amachuluka. M'kope mwako usakalembe bodza ngakhale limodzi, koma si nambala iliyonse imene waiwerenga yoti uilengeze pagulu. Mnzako womuuza zakukhosi ukamusankhe pang'onopang'ono. Kuona maso a nkhono n'kudekha.

Za anyamata sindinena zambiri, amayi ako ndi anamkungwi ananena kale. Langa ndi limodzi. Mwamuna amene akakuuze kuti masamu akuumitsa mutu, kapena kuti mkazi wophunzira kwambiri savuta kumusiya, ukamuthokoze n'kumulozera njira. Woyenera iwe adzakhala amene adzakufunse kuti samuyo waipeza bwanji, n'kukhala pansi kumvetsera yankho mpaka kumapeto. Alipo otero. Ngati kulibe, digiri siithawa munthu.

Tsopano tibwerere kwa amalume ako, poti ndipo pagona mantha ako. Iwe unachoka Lachinayi. Dzulo Loweruka anaitanitsanso abale pansi pa mango womwe uja, ndipo ine ndinakhalanso kumapeto kwa mphasa. Analankhula nthawi yaitali. Anati mwini chigayo wadikira mokwanira, anati mtsikana wopita kutali amabwera ndi mimba kapena ndi mwano, anati mbumba ndi yawo. Sindikuwada amalume ako, Lusiya, ndipo iwenso usawade. Akuchita zimene anaona amalume awo akuchita, ndipo m'chaka cha njala chija ndi iwo anatigawira chinangwa. Atatha anatembenuka monga kale n'kunena kuti, "Alamu, kapena muli ndi mawu?" Ankayembekeza yankho lakale lija, moti anali atayamba kale kudzuka.

Ndinati, "Ndili nawo, alamu, khalani pansi." Ndinawauza zonse zimene ndakulembera apazi, za mizere 73, za bodza langa kwa Bwana Chingwe, za tsiku limene ndinati ndilibe mawu. Ndinati mwana uyu boma lamusankha pakati pa ana a dziko lonse, ndipo Lolemba akwera basi ine nditamunyamulira sutikesi. Amalume ako anati, "Alamu, mwakula mwendo. Mukatero, pamudzi pano mwatha." Ndinati ndamva. Mawu anatuluka owongoka, ndipo nditakhala pansi ndinamva kupepuka kumene sindinakumvepo chikwatirire pamudzi paja. Mutu ukakula sulewa nkhonya.

Ndiye tamvera pomwe masamu ako alakwika. Iwe ukuganiza kuti ukatsala, ine nditsala pamudzi. Koma lero m'mawa, anthu akupita kutchalitchi, ndamanga katundu wanga. Sindinadikire kuthamangitsidwa. Kampani inandipatsa kale nyumba kumalayini a akapitawo zaka zapitazo, ndinkangoikana poopa kuti anthu anena kuti ndathawa chikamwini. Ndi ya zipinda ziwiri, denga lake likudontha pakona imodzi, ndipo ndikonza sabata ino. Ndatenga khasu, njinga, mabuku anga ndi sutikesi yako. Mitengo ya mapeyala imene ndinadzala chaka chimene unabadwa ndaisiya, izidyedwa ndi adzukulu a amalume ako. Zandiwawa, sindinama. Zaka makumi atatu si masewera.

Amayi ako sindinawapemphe kanthu. Mudzi uja ndi wawo, munda ndi wa amayi awo, manda a makolo awo ali pompo, ndipo mkazi wa kwathu kuno sachoka pa nthaka yake kutsata mwamuna. Ndinawauza kuti atsale, ndizibwera kudzawaona ngati alamu alola. Ndikukankha njinga kudutsa pakhomo pa amalume ako, ndinamva mapazi kumbuyo. Nditacheuka ndinaona amayi ako atasenza mtondo wawo pamutu, mphasa ili kukhwapa. Amalume ako anali pakhonde. Anaimirira n'kufuula kuti, "Chemwali, mukupita kuti? Munda wa amayi mukusiyira yani?" Amayi ako sanatsitse n'komwe mtondo. Anati, "Mundawo limani ndinu, achimwene. Ine mwana mmodzi ndinakupatsani kale."

Pano ali kumalayini akusesa, ndipo akuti ndikuuze kuti nkhuku akazitenga Lachiwiri.

Choncho pamudzi paja palibenso munthu woti umupulumutse, mwana wanga. Ukatsala, utsalira mwini chigayo yekha. Uuze alamu ako, mwamuna wa Esinati, akuperekeze pa njinga m'mamawa mpaka ku Boma, ukwere basi yoyamba yopita ku Limbe, kumeneko ukasinthe ya ku Zomba. Ine ndi amayi ako tikhala titaima pa siteji ya Chinakanaka ndi sutikesi yako. Basi ikaima, utulutse dzanja pawindo kuti tisavutike kukufuna.

Ndine bambo ako,
amene tsopano ali ndi mawu.